Hediseti sagula ndi maso

Mtima wanga sunatsike kuyambira Loweruka, ndiye mundilole ndilankhule.

Mwana wa mlongo wanga wakhoza bwino mayeso a Fomu 4. Bambo ake ali ku Joni, anamutumizira madola 35 kuti agule chimene mtima wake ukufuna. Mnyamatayu wakhala akulirira hediseti yosewerera magemu, mahedifoni okhala ndi maiki yolankhulira, kwa chaka chathunthu, chifukwa anzake onse akamasewera Call of Duty amalankhulana, iye yekha amangokhala duu ngati mlendo pamaliro. Loweruka m'mawa anakwera kombi kuchokera kuno ku Mabvuku, mumzinda wa Harare, anatsika pa Fourth Street, n'kulowa m'timashopu tija ta zamagetsi tothithikana m'tauni. Masana anabwera akumwetulira, atanyamula chibokosi chachikulu chojambulidwa chinjoka, cholembedwa 7.1 ndi zilembo zikuluzikulu. "Amalume, taonani, imayaka mitundu itatu!" Kuyaka inkayakadi. Kufiira, kubiriwira, mtundu wa mtambo, nyumba yonse ngati bala ya pa Khirisimasi.

Tsono tiyike pa PS4 yake, makina osewerera magemu a PlayStation. Chingwe chili ndi mapulagi atatu: ya USB, yobiriwira ndi yapinki. Padi ya PS4, chogwira m'manja posewera chija, ili ndi kabowo kamodzi basi. Walowetsa ya USB pa gemu, tinyali tayaka, mawu zii. Walowetsa yobiriwira pa padi, mawu abwera koma maiki siyikugwira, anzake sakumumva. Walowetsa yapinki, palibe chilichonse. Pulagi ya USB ija ntchito yake ndi kuyatsa tinyali tokha, simudutsa mawu ngakhale pang'ono. Ola limodzi lisanathe mwana wavula chinthucho, makutu afiira, pamutu pakupweteka chifukwa chimapana ngati msampha wa mbewa. Lolemba ndinapita naye kukabweza. Wogulitsa anatiyang'ana ngati sanatione n'kale lonse. Akuti bokosi mwatsegula kale, komanso risiti mulibe. Risiti imene iyeyo sanapereke! Nanga munthu angadziwe bwanji kuti chinthu sichikugwira asanatsegule bokosi? Madola 35 a munthu amene akudzuka mbandakucha ku Joni apita pa tinyali.

Ndiye ndikunena pano kuti aliyense amve: hediseti sagula ndi maso. Chinthu chimenechi chimakhala pamutu pako, iwe mwini suchiona. Tinyali tikuyakira kunja kwa makutu ako, ukuyatsira ndani? Khoma? Amayi ako amene akudutsa ndi mbale ya sadza? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Makolo athu ananena kalekale magemu asanabwere, ndipo mkuyu wa masiku ano ukugulitsidwa m'bokosi lojambulidwa chinjoka.

Funso loyamba si lakuti ikuoneka bwanji. Funso loyamba ndi lakuti ukaiika pa chiyani. Mwana wa mlongo wangayu akanafunsidwa zimenezi zokha, ndalama zake bwenzi zili moyo. Ngati umasewera pa PS4, PS5, Xbox kapena pa foni imene ili ndi kabowo ka mahedifoni, funa hediseti ya pulagi imodzi ya 3.5mm, ndipo uyang'ane kunsonga kwake: timizere takuda tikhale titatu. Titatu ndiye kuti mawu ndi maiki zikudutsa pamodzi. Tiwiri ndiye kuti ndi mawu okha. Kuwerenga timizere sikufuna digiri, sikufuna data, kumangofuna kutulutsa chingwe m'bokosi n'kuyang'ana. Ya mapulagi awiri, yobiriwira ndi yapinki, inapangidwira makompyuta a padesiki amene ali ndi mabowo awiri. Ukafuna kuiika pa padi uyenera kugula kachingwe kena kophatikiza awiriwo kukhala imodzi, ndipo wogulitsa wachilungamo amakuuza zimenezi usanapereke ndalama. Wathu uja sanatsegule pakamwa. Anangoyatsa tinyali pa kauntala n'kutambasula dzanja.

Ndipo 7.1 imeneyi, abale, tisiye kunamizana. Munthu uli ndi makutu awiri. Hediseti ili ndi timasipika tiwiri, kamodzi kumanzere, kena kumanja. Pafupifupi mahediseti onse olembedwa 7.1 alibe m'kati masipika asanu ndi atatu amene nambalayo imatanthauza, ndi pulogalamu chabe imene imakonza mawu kuti azimveka ngati akuchokera kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali, ndipo nthawi zambiri pulogalamuyo imagwira pa kompyuta ya Windows yokha. Ukaiika pa padi, 7.1 yatsala pa bokosi. Chopweteka kwambiri n'chakuti zimenezi zilipo kale zaulere. Windows 10 ndi Xbox zili ndi Windows Sonic, umangoyatsa. PS5 ili ndi mawu ake a 3D amene amagwira ndi mahedifoni wamba aliwonse olowetsa pa padi. Ukulipira ndalama zowonjezera kugula chinthu chimene makina ako akukupatsa kale popanda senti. Zilembo zikuluzikulu pa bokosi zalembedwera maso ako, makutu ako sawerenga.

Ndikubwereza, gula ndi makutu ndi mutu. Ivale. Ivale pomwepo m'shopumo, wogulitsa akuyang'ana, ukhale nayo mphindi zisanu kapena khumi. Gwedeza mutu. Ngati umavala magalasi, ivale uli ndi magalasiwo, umve ngati ikukanikiza timiyendo take m'mbali mwa mutu. Khutu lonse lilowe m'kati mwa khushoni, lisapanidwe. Inyamule m'manja umve kulemera. Zabwino zambiri zimalemera magalamu 250 mpaka 320 kapena cha pomwepo, ndipo kusiyana kwa magalamu 100 kumene ukuona ngati n'kochepa m'shopu, khosi lako lidzakuuza pakatha maola atatu. Ganizanso za kutentha kwa Okutobala kuno ku Harare, pamene ngakhale usiku malata amakhala akutulutsa moto. Makhushoni a chikopa chabodza chotchipa amakuchititsa thukuta, ndipo pakapita miyezi amayamba kusupuka, tizidutswa takuda tili m'tsitsi, m'makutu, pa kolala ya yunifomu. Funsa ngati makhushoniwo amachoka kuti udzagule ena. Pinda pang'ono chogwirira cha pamutu uone ngati muli chitsulo m'kati kapena ndi pulasitiki yokhayokha imene idzathyoka tsiku loyamba mng'ono wako akadzaikhalira. Zonsezi palibe chimene maso angakuuze uli kunja kwa galasi la shopu.

Maiki nayo iyese. Ndi chifukwa chake chenicheni mnyamatayu ankafunira hediseti, kuti anzake azimumva. Foni uli nayo m'thumba, lowetsa hediseti, jambula mawu ako kwa masekondi khumi, mvetsera. Ukamveka ngati ukulankhulira m'chidebe, isiye. Ikamatola phokoso lonse la mumsewu kuposa mawu ako, isiye, chifukwa kwanu kuli wailesi, kuli ana, kuli tambala wa aneba, ndipo anzako a pa gemu adzakutsekera mawu tsiku lomwelo. Pakhale kabatani kozimitsira maiki kamene chala chingakapeze osayang'ana, kuti amayi akakuitana kukatunga madzi dziko lonse lisamve. Wogulitsa akakana kuti uyese, tuluka. Usakambirane naye, usapemphe, tuluka. Mashopu ali mbwee m'tauni muno. Munthu wokana kuti uyese katundu wake akudziwa chimene chili m'bokosimo.

Ena mundiuza kuti bwanji osagula yopanda chingwe. Pa hediseti yoyamba, ndi ndalama zochepa, ine ndikuti ayi. Bluetooth imachedwetsa mawu, mfuti yalira kale pa sikirini iwe n'kumaimva pambuyo, ndipo pa gemu yowomberana kachedwedwe kameneko ndi imfa. Komanso PS4 ndi PS5 sizilola mahedifoni wamba a Bluetooth kulumikizidwa mwachindunji, ambiri sadziwa mpaka atafika kunyumba. Zopanda chingwe zosewerera magemu zenizeni zimabwera ndi kachipangizo kake ka USB ka 2.4GHz, ndipo kamene kamagwira pa PlayStation nthawi zambiri sikagwira pa Xbox. Zimenezo ndi zodula, ndipo zili ndi batire. Batire imafuna kutchaja. Magetsi a kuno mukuwadziwa nokha, amapita m'mawa kubwera anthu atagona. Magetsi abwera, mwana akufuna kusewera, hediseti yafa. Chingwe sichifuna kutchaja. Chingwe sichichedwa. Ndalama zomwezo ukaika pa ya chingwe umapeza mawu abwino kuposa ya batire ya mtengo womwewo, chifukwa palibe ndalama yapita ku batire ndi wailesi ya m'kati.

Sindikunena kuti mugule zodula. Mundimvetse. Mahedifoni ang'onoang'ono a m'makutu amene anabwera ndi foni yanu yakale, a pulagi ya timizere titatu, amagwira pa padi ya PS4, maiki ndi mawu omwe. Loweruka usiku lomwelo ndinatulutsa anga m'dirowa, tinalowetsa, anzake anamumva koyamba. Chinjoka cha madola 35 chili pa tebulo chikuyaka, timahedifoni takale tikugwira ntchito. Mwana amene amasewera yekha gemu ya mpira ya FC, imene tonse timaitchulabe FIFA ngakhale dzina linasintha mu 2023, safunanso maiki n'komwe, mahedifoni abwino omvera nyimbo amukwanira. Wa PUBG kapena Free Fire pa foni ayambe waona ngati foni yake ili ndi kabowo, chifukwa mafoni ambiri atsopano alibe, pamafunika kachingwe ka USB-C. Ndipo amene akufunadi hediseti yeniyeni, mayina odziwika alipo. HyperX Cloud II inatuluka mu 2015 ndipo anthu akuigulabe mpaka lero. Tinyali tovina ilibe. Ili ndi chitsulo cha aluminiyamu, maiki yochotseka, makhushoni osinthika. Zaka zonsezi ikugulidwa chifukwa cha mmene imakhalira pamutu ndi mmene imamvekera. Yotsikirapo mtengo pali Cloud Stinger, pali Razer BlackShark V2 X, pali Arctis 1 ya SteelSeries, zonse za chingwe, zonse zolowa pa padi. Ndalama zikapanda kukwana, sunga mwezi wina. Wachibale akubwera kuchokera ku Joni pa Khirisimasi, muuze dzina lenileni ndi nambala yake, akugulire m'sitolo yopereka risiti. Koma chenjeraninso, mayina amenewa amabedwa. Ukaona dzina lalikulu pa mtengo wa buledi, bokosi lake zilembo zopindika, dziwa kuti ndi mkuyu womwe uja wavala malaya ena.

Ndikudziwa chimene chimachititsa: ana amaonera anthu otchuka pa YouTube ndi TikTok atazunguliridwa ndi magetsi amitundumitundu, basi. Koma zimenezo sizibweza madola 35.

Ndipo ife akuluakulu tisadzichotse. Timapereka ndalama n'kunena kuti "kagule zako za magemuzo", ngati ndi chinthu chopanda pake chosafunika kufunsa. Nsapato za sukulu timapita naye mwana, timamuveka, timakanikiza chala kutsogolo kuona ngati zikukwana, timamuuza ayende pang'ono. Chinthu chimene adzavale pamutu maola ambiri kuposa nsapatozo pa holide timamusiya apite yekha kukakumana ndi anthu amene ntchito yawo ndi kumuwerenga nkhope. Mwana wa zaka 16 ali ndi madola m'manja, maso ali pa tinyali, wogulitsa wamuona akadali pakhomo. Safunsa anadya phula, inde, koma mwana afunse ndani ngati ife sitikufuna kumva za magemu?

Ndipo pali china chimene chikundiwawa kuposa ndalama. Hediseti yotchipa mawu ake amakhala osamveka bwino, chibumo chokhachokha, mapazi a mdani samveka, ndiye mwana amatani? Amakweza voliyumu mpaka kumapeto. Loweruka ndinali pakhomo la chipinda, mamita atatu kuchokera pamene anakhala, koma kulira kwa mfuti ndinkakumva bwinobwino kuchokera m'makutu mwake. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti mlingo wotetezeka kwa munthu wamkulu ndi madesibelo 80 (muyeso wa kukula kwa phokoso) kwa maola 40 pa sabata, ndipo ukakweza pang'ono pokha nthawi yotetezekayo imatsika msangamsanga. Limanenanso kuti achinyamata opitirira 1 biliyoni padziko lonse ali pa chiopsezo cha kuwonongeka makutu chifukwa cha kamvedwe kotere. Makutu akawonongeka ndi phokoso sabwerera. Palibe shopu yogulitsa ena. Agogo athu amene anagwira ntchito m'migodi ndi m'mafakitale a dziko lino atachoka ku Nyasalande, ambiri anakalamba tikuwakuwira kuti amve, koma iwo ankafuna chakudya cha ana awo. Ife tikugulira ana athu ugonthi ndi ndalama zathu, wokutidwa m'bokosi la chinjoka. Mwana akavula hediseti n'kunena kuti m'makutu mukulira, musamuseke, mulandeni chinthucho.

Ndipo inu ogulitsa amene simupereka risiti, amene mumati chenje palibe tengani maswiti, amene mumalemba "palibe kubweza" pa kapepala kobisika kuseri kwa kauntala n'kukatulutsa munthu akabwera kudzadandaula, mwanayo analira m'kombi ulendo wonse wobwerera ku Mabvuku. Mnyamata wamkulu, wa ndevu zoyamba kumera, kulira pamaso pa anthu chifukwa sakudziwa kuti bambo ake akaimba foni awauza chiyani.