Poker ya pa foni yafika mpaka pa maliro, achinyamata a m'Mzuzu lekani

Sabata yathayi tinali pa maliro ku Chiputula, ndipo zimene zinachitika kumeneko sindingathe kuzisunga mumtima, chifukwa kukhala chete tsopano kungakhale kuvomereza. Usiku wochezera malirowo, amayi akuimba nyimbo m'nyumba ndipo ife abambo tikuwotha moto panja chifukwa cha kuzizira kwa kwathu kuno, mnyamata amene banja linamupatsa kope la chipepeso anakhala payekha kuseri kwa galimoto, maso ali pa foni. Tonse tinkaganiza kuti akuyankha achibale a ku Joni ndi ku Lilongwe amene ankatumiza thandizo pa nambala yake. Kutacha, nthawi yolipira bokosi ndi galimoto yonyamula thupi kupita kumudzi itakwana, ndalama sizinagwirizane ndi zimene zinalembedwa m'kopemo. Amalume ake atamupanikiza, anaulula kuti usiku wonse anali mu mpikisano wa pa intaneti wa poker, masewera a makhadi obetcherana ndalama, ndipo atatulutsidwa koyamba analipira kuti alowenso, kenaka analipiranso, mpaka ndalama ya anamfedwa inatha. Mawu amene anayankha pamaso pa akuluakulu ndi amene anandiwawa kuposa ndalamayo. Iye anati: "Madala, iyi si juga, ndi masewera a nzeru. Ndakhala ndikuphunzira, ndipo ndinangotsala pang'ono kufika pa malo olandira mphoto. Ndikanabweza zonse ndi phindu pamwamba."

Masewera a nzeru pa maliro a mayi ake aang'ono? Ndi nzeru yanji imene imauza munthu kuti atenge ndalama ya bokosi n'kuiika pa makhadi? Ndipo ndani anamuphunzitsa mwana ameneyu kuyankha akuluakulu ngati wophunzira amene wangolephera funso limodzi pa mayeso, pamene wachititsa manyazi mtundu wonse?

Chimene chandikwiyitsa n'chakuti mawu akuti "ndikuphunzira" ndi "ndikukonza kaseweredwe kanga" ndawamva kwa anyamata ambiri mu mzinda muno, ndipo ndi mawu amenewa amene akuwamaliza. Wobetcha mpira ndi wa kandege, ngakhale nawonso akudziwononga, amadziwa pansi pa mtima kuti akungoyesa mwayi, ndipo tsiku lina manyazi amawagwira. Wa poker sachita manyazi, chifukwa amadziona ngati mwana wa sukulu amene akulipira fizi. Akaluza lero amati waphunzirapo kanthu, akaluza mawa amati makhadi sanamukomere koma iye anasewera molondola, ndipo akapambana kamodzi pa mwezi amajambula foni n'kutumiza pa WhatsApp kuti anzake aone kuti maphunziro ayamba kubala zipatso. Kodi ndi sukulu yanji imene fizi yake ilibe malire, yopanda tsiku lomaliza, ndipo mphunzitsi wake ndi yemweyo amene akukulandani ndalama?

Ndamva za wophunzira wa ku yunivesite amene makolo ake anagulitsa chimanga ndi mbuzi kumudzi kuti alipire malo ogona ku Luwinga, iye n'kukathera zonse pa mipikisano ya usiku, ndipo lero akugona pansi m'chipinda cha mnzake. Ndamva za mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto amene amasewera mpaka tambala kulira, kenaka m'mawa n'kumanyamula ana a sukulu ndi amayi oyembekezera pakati pa magalimoto a ku Katoto, tulo tili m'maso. Moyo wa mwana wa munthu wina uikidwe pachiswe chifukwa inu munali pa tebulo lomaliza la mpikisano wa anthu amene simunawaonepo nkhope? Kuli bambo wina wogwira ntchito ya boma amene anauza mkazi wake kuti atenge ngongole ku banki mkhonde ponamizira geni ya kaunjika, ndipo lero mayiyo ndi amene akulandidwa mapoto ndi matiresi ndi amayi anzake, pamene bamboyo khadi lake la ku banki lili m'manja mwa wakatapila. Onsewa mukawafunsa yankho ndi limodzi, lakuti atsala pang'ono kudziwa bwino masewerawa.

Ine ndinaphunzitsa masamu kwa zaka zambiri ndisanapume, choncho musandiuze kuti sindikumvetsa. Sindikukana kuti mu poker muli luso. Luso lilimo ndithu, ndipo n'chifukwa chake inu mukuluza, popeza m'masewera a luso ndalama imachoka kwa wosadziwa kupita kwa wodziwa, ndipo pa matebulo amenewo wosadziwayo ndi inu. Mu mpikisano wa Texas Hold'em, mtundu wa poker umene mumakonda, mwa anthu 100 amene alipira kuti alowe, amene amalandirako kanthu amakhala pakati pa 10 ndi 15 okha, ndipo ambiri mwa iwowo amangolandira kandalama kosapitirira kawiri zimene analipira. Ndalama yeniyeni ili pa malo atatu kapena anayi apamwamba, pa mpikisano wa anthu masauzande. Musanagwire n'komwe khadi loyamba, kampani imakhala itadula kale gawo lake, nthawi zambiri pafupifupi 10 peresenti ya ndalama yolowera, ndipo gawolo imatenga kaya mwapambana kaya mwaluza. Mwaziwerengera zimenezi, inu ophunzira?

Mumadikira ma Ace awiri, makhadi amphamvu kuposa onse oyambira nawo, ngati chipulumutso, chonsecho amabwera kamodzi pa maulendo 221 ogawa makhadi, ndipo ngakhale abwere, mukakumana ndi munthu wa makhadi awiri ofanana ocheperapo, amakugonjetsani pafupifupi kamodzi pa kasanu. Mumaponya ma chips anu onse, tizinthu tobetchera toimira ndalama, podikira khadi lachisanu la mtundu umodzi pamene latsala khadi limodzi lokha kuti litembenuzidwe, osadziwa kuti ndi makhadi 9 okha mwa 46 osaonekawo amene angakupulumutseni. Zikakanika mumamenya tebulo, n'kunena kuti mwachitiridwa nkhanza, mutu n'kutentha, n'kulowa mpikisano wina nthawi yomweyo kuti mubweze. Anthu amene amadya ndi masewerawa amalangizana kuti munthu asalowe mpikisano ngati alibe ndalama yapadera yokwana kulowa mipikisano yotero ka 100 kapena kupitirira apo, ndalama yoti itatha yonse ana sagona ndi njala, chifukwa amadziwa kuti ngakhale katswiri amatha miyezi osapambana. Amalembanso masewera aliwonse, zimene alowetsa ndi zimene atulutsa. Inu ndalama yanu yapadera ili kuti, poti mukusewerera ya lendi? Kope lanu lili kuti? Ndikukupemphani mutenge cholembera lero, mulembe zonse zimene mwatumiza ndi zonse zimene mwalandira chiyambireni, muonjezerepo mabandulo, kenaka mukaonetse mayi anu kapena akazi anu. Palibe mmodzi wa inu amene angayerekeze, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa.

Dzina limene silichoka pakamwa panu ndi la Chris Moneymaker, munthu wowerengera ndalama wa ku Tennessee amene anayambira pa mpikisano waung'ono wa pa intaneti n'kukapambana madola 2.5 miliyoni pa mpikisano waukulu wa World Series of Poker ku Las Vegas mu 2003. Nkhaniyo ndi yoona, ndipo makampani a poker akhala akuigwiritsa ntchito kukokera anthu kuyambira nthawi imeneyo. Koma pa mpikisano umenewo panali anthu 839, ndalama yolowera inali madola 10,000, ndipo ochuluka mwa iwo anabwerera kwawo osalandira kalikonse. Mayina awo mukuwadziwa? Bwanji simutchula Stu Ungar, amene ambiri amati ndi mmodzi mwa akatswiri oposa onse amene anakhalako, amene anapambana mpikisano womwewo katatu, mu 1980, 1981 ndi 1997, koma mu 1998 anamupeza atafa m'chipinda cha motelo yotchipa ku Las Vegas, ali ndi zaka 45, chuma chonse chitathera ku juga zina ndi mankhwala osokoneza bongo? Ngati luso loposa la anthu onse silinamupulumutse munthu ameneyo ku chilakolako cha juga, inu amene mwaonera makanema angapo pa YouTube mukudalira chiyani?

Ndipo kodi mukudziwa amene mukusewera naye? Mu 2019 pulogalamu ya kompyuta yotchedwa Pluribus, yopangidwa ndi akatswiri a ku Carnegie Mellon University ndi Facebook, inagonjetsa akatswiri odziwika a poker pa tebulo la anthu 6. Kuyambira pamenepo mapulogalamu owerengera kaseweredwe afala, ndipo makampani enieniwo amatseka maakaunti a anthu ogwidwa akugwiritsa ntchito makina kapena akuuzana makhadi mobisa. Amene sagwidwa ndi angati? Inu muli pa kafoni kong'ambika galasi ku Zolozolo kapena ku Mchengautuwa, mnzanuyo ali pa kompyuta imene yasunga kale mbiri ya mmene mumasewerera, ndipo akudziwa kuti mukaopa mumataya makhadi, mukakwiya mumaponya zonse. Mipikisano yaulere ndi timabonasi timene amakupatsani poyamba tili ngati nyali ya asodzi a ku Nkhata Bay, imene usipa umaithamangira usiku khoka lili pansi.

Za kampani zimene mumazikhulupirira kuti zikusungirani ndalama nazo musandiyambitse. Mu 2007 zinaululika kuti pa kampani ya poker ya pa intaneti ya Absolute Poker panali munthu wa m'kati amene ankaona makhadi a anzake onse. Pa 15 Epulo 2011 boma la America linatsekera makampani akuluakulu a poker ya pa intaneti m'dzikolo, ndipo zinadziwika kuti imodzi mwa makampaniwo, Full Tilt Poker, inali ndi ngongole ya madola pafupifupi 390 miliyoni kwa osewera pamene m'mabanki inali ndi pafupifupi 60 miliyoni yokha. Anthu a ku America, okhala ndi maloya ndi makhoti amphamvu, anadikira zaka kuti alandire ndalama zawo. Nanga inu wa ku Chibavi, kampani ya kutsidya kwa nyanja ikatseka akaunti yanu ponena kuti chiphaso chanu sichikuoneka bwino kapena kuti munanama dziko limene muli, mukadandaula kwa ndani? Kuno kwathu kuli bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority loyang'anira juga potsatira lamulo la 2022, ndipo lamulo limaletsa mwana wosakwana zaka 18 kutchova juga. Munafunsapo ngati malo amene mukutumizako ndalamawo ali ndi chilolezo cha bungweli? Nanga ana a fomu 3 amene ndikumva kuti akulembetsa ndi chiphaso cha achimwene awo, akuwateteza ndani?

Pamwamba pa zonsezi pali kupusa kumene ngakhale mwana angakuone. Mipikisano ikuluikulu imayamba madzulo n'kutha maola ambiri, mwina mpaka m'bandakucha, ndipo magetsi akazima kapena netiweki ikagwa, masewera sakudikirani. Makhadi anu amatayidwa, ma chips anu amangodulidwa gawo ndi gawo mpaka atha, inu mukuthamanga mumdima kufunafuna pomwe foni ingagwire. Ndalama yolowera ndi ya madola, ndipo mukuwagula pa mtengo wa mseri kwa anthu amene mwangokumana nawo pa foni, m'dziko limene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, limene likusowa ndalama zakunja zogulira mankhwala, mafuta ndi feteleza. Mlimi wa khofi ku Misuku ndi wa fodya ku Rumphi akhetse thukuta kuti dziko lipeze dola, inu n'kumaitumiza kunja usiku umodzi kuti mukaphunzire kunamiza anthu ndi makhadi? Mulibe chisoni?

Makolo anzanga, nafenso tisamanamizire kusaona. Mwana akamagona masana n'kumachezera pa foni, akamabwereka ndalama zing'onozing'ono kwa aliyense, akamagulitsa laputopu n'kunena kuti yabedwa, akamakwiya mukangokhudza foni yake, musathamangire kunena kuti walodzedwa. Mufunseni maso ndi maso, ndipo musamubwezere ngongole mobisa poopa manyazi a pa mpingo, chifukwa ngongole imene mwabweza lero ndi ndalama yolowera mpikisano wa mawa. Bungwe la World Health Organization limawerengera chizolowezi chosaletseka cha juga m'gulu la matenda, ndipo muno m'Mzuzu tili ndi a St John of God amene amathandiza anthu pa umoyo wa m'maganizo ndi zizolowezi zovuta kusiya. Mutengereni kumeneko mwana wanu asanafike poganiza zodzichotsera moyo chifukwa cha ngongole, pakuti maliro a anyamata otere tawaika kale okwanira. Inunso a m'makomiti a maliro, a maukwati, a mipingo ndi a banki mkhonde, lekani kusungitsa ndalama za gulu pa foni ya munthu mmodzi popanda wina woona mauthenga ake.

Kwa inu anyamata, sindikukupemphani kuti musewere mosamala kapena kuti muchepetse, chifukwa munthu amene wafika pogwira ndalama ya mwini wake wadutsa kale pamenepo. Simuli akatswiri, simuli ophunzira, ndinu otchova juga amene mwayamba kuba. Chotsani mapulogalamuwo pa foni lero, mukaulule kwa amene munawatengera ndalama, ndipo mubweze.