Makombola a Mfumukazi ndi aulutsi osatseka pakamwa

Anzanga, pali anthu amene amaganiza kuti kuulutsa mwambo waukulu pa wailesi ya kanema ndi ntchito yophweka, ati ungoimika makamera basi, anthu aone okha. Ine ndikukana, ndipo mboni yanga ndi BBC mu Juni 2012, pamene Mfumukazi Elizabeth ya ku Britain inkakondwerera zaka 60 ili pampando. Wailesi yomweyo, mzinda womwewo wa London, masiku awiri otsatizana. Lamulungu inakwiyitsa anthu, Lolemba inawasangalatsa mpaka ena kuiwala zadzulo. Makanema ake akadalipo pa YouTube, wofuna kunditsutsa ayambe wakaonera.

Lamulungu pa 3 Juni kunali mdipiti wa maboti pafupifupi 1,000 pa mtsinje wa Thames, kulowera ku Tower Bridge. Mvula inavumba, kunja kukuzizira. Mfumukazi, ya zaka 86, ndi amuna awo Kalonga Philip, amene anali atatsala sabata imodzi kuti akwanitse zaka 91, anaimirira kwa maola m'boti lotchedwa Spirit of Chartwell. Pamadzipo panali nkhani zokwanira kukamba tsiku lonse. Panali timaboti timene mu 1940 tinakapulumutsa asilikali ku Dunkirk, ku France, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Panali boti lonyamula mabelu asanu ndi atatu, akulira, matchalitchi a m'mphepete mwa mtsinje akuyankha. Panalinso achinyamata atanyamula mbendera za mayiko a Commonwealth, ife tili momwemo, ndipotu masiku ochepa m'mbuyomo aphungu athu ku Lilongwe anali atangovota kubwezeretsa mbendera ya dzuwa lotuluka. Muulutsi wokonzekera akanakhala ndi chonena pa boti lililonse lodutsa.

Nanga BBC inatani? Inkangochoka pamtsinje. Kanthawi pang'ono tili kuchipatala kuona makanda obadwa tsikulo, kenako tili ku paki kumene anthu otchuka akuseka nthabwala zawo zomwe, kenako pa mlatho kuona ojambula zithunzi penti ikusungunuka ndi mvula. Maboti akudutsa osaoneka, ndipo amene aonekawo osatchulidwa dzina. Muulutsi wina mpaka anaphonya ulemu wotchulira Mfumukazi, nkuitchula ndi ulemu wa ana ake. Madandaulo amene anafika ku BBC anaposa 2,000, ndipo musaiwale kuti amene ankadandaulawo ndi eni ake a wailesiyo: nthawi imeneyo khomo lililonse loonera TV linkalipira laisensi ya mapaundi 145.50 pachaka.

Ena amaikira kumbuyo BBC ponena kuti mvula inasokoneza makamera ndi zingwe. Zoona, inasokonezadi. Koma akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Chithunzi chikamavuta ndi pamene mawu a muulutsi ayenera kukhala ndi nzeru. Mvula siimene inauza anthu kuti asawerenge mbiri ya maboti asanakhale kutsogolo kwa kamera. Vuto linali maganizo akuti woonera ndi mwana, satha kuyang'ana chinthu chimodzi kwa mphindi zisanu osamunyengerera. Munthu wayatsa TV dala kuti aone maboti, iwe ukuopa kuti maboti amutopetsa. Zili ngati MC wa paukwati amene akwati akulowa iye ali kalikiliki kufotokoza za suti yake.

Tsopano Lolemba pa 4 Juni, konsati kutsogolo kwa nyumba yachifumu ya Buckingham Palace. Nsanja anaimanga mozungulira chipilala cha Mfumukazi Victoria, matikiti 10,000 anagawidwa mwa mayere, khamu lina losawerengeka litadzaza msewu wa The Mall. Apa ndiye BBC inaonetsa kuti ntchito imaidziwa. Kamera ya m'mwamba inkatenga msewu wonse, mbendera zili petupetu mpaka kumapeto. Gulu la Madness linakaimbira padenga la nyumba yachifumu, ndipo khoma lonse la kutsogolo analiwalitsira zithunzi mpaka nyumbayo inasanduka mdadada wa nyumba wamba za anthu apantchito. Kwa ine chimenecho ndicho chinali chanzeru kuposa zonse usikuwo, kuposa ngakhale mayina akuluakulu amene anaimba. Kalonga Philip kunalibe, anali atagonekedwa m'chipatala tsiku lomwelo, ndipo Kalonga Charles, atatchula mayi ake kuti "Mummy" pamaso pa dziko lonse, anapempha khamulo kuti lifuule mokweza mwina bambo ake angamve ali kuchipatalako. Kamera inakhala pankhope ya Mfumukazi osathawa. Palibe muulutsi anayankhulapo, ndipo nchifukwa chake anthu amaikumbukirabe mphindi imeneyo. Oonera ku Britain kokha anafika pafupifupi 17 miliyoni.

Funso nlakuti, zatheka bwanji wailesi imodzi kulephera dzulo nkukhoza lero? Yankho langa ndi ili: konsatiyo inali yawo. BBC ndi imene inaikonza, pamodzi ndi woimba Gary Barlow. Ankadziwa amene alowe, mphindi imene alowere, mbali imene magetsi awalire, kamera imene itenge. Pamtsinje paja anali alendo, ofunika kupenya zochitika nkutifotokozera, ntchito ya mtolankhani. Pa konsati anali eni phwando. Ndiye tikamayamikira, tiziyamikira chinthu choyenera. Chimene anakhoza ndi kukonza chisangalalo ndi kuchijambula, osati kuchitira umboni.

Za makombola ndiye ndili nazo mawu. Konsati itatha Mfumukazi inayatsa muuni womaliza mwa miuni yoposa 4,000 imene inayatsidwa ku Britain ndi m'mayiko ena, kenako thambo la pamwamba pa nyumba yachifumu linang'ambika. Makombola ndi chinthu chovuta kwambiri kuchionetsa pa TV. Kukoma kwake kuli m'kukula kwake ndi m'kugunda kumene umakumva pachifuwa, ndiponso kachedwedwe kaja: umayamba waona kuwala, phokoso nkubwera pambuyo, poti mawu amayenda mamita pafupifupi 340 okha pa sekondi. Zonsezi galasi la TV limameza. Chotsala nchimodzi, chithunzi chotambasuka, nyumba pansi, moto pamwamba, khamu kutsogolo. Wosankha makamera akangochipeza achisiye pomwepo. Koma ambiri manja amawayabwa. Akufuna nkhope ya mwana wodabwa, akufuna nduna ikuomba m'manja, akufuna kuyandikira kombola limodzi mpaka lingooneka ngati madontho. Choipitsitsa ndi chizolowezi cha mawailesi ambiri chothamangira kutseka pulogalamu moto ukadali m'mwamba, mayina a ogwira ntchito akuyenda pagalasi, wina akulengeza pulogalamu yotsatira. Anthu adikira maola atatu, makombola ake ndi a mphindi zochepa chabe. Simungapirire? Nkhani za usiku zikachedwa ndi mphindi ziwiri palibe amene amwalire.

Patatha zaka khumi, pa 4 Juni 2022, pa chikondwerero cha zaka 70, zinaonekeratu kumene zinthu zikulowera. Pa konsati ya ku Buckingham Palace komweko panali anthu pafupifupi 22,000, koma chimene aliyense anakamba m'mawa mwake ndi ma drone, tindege ting'onoting'ono topanda munthu mkati, amene anajambula m'mlengalenga ndi magetsi awo galu wa mtundu wa corgi, tipoti, chikwama cha m'manja ndi sitampa. Ma drone ndi osiyana ndi makombola. Chithunzi chawo chimaoneka bwino ukachiyang'ana kuchokera mbali imene anakonzera, ndipo mbali imeneyo ndi kumene kuli kamera. Mwini chikondwerero sanabwere nkomwe chifukwa thupi linali litayamba kukana. Anaoneka m'kafilimu kojambuliratu akumwa tiyi ndi Paddington, chimbalangondo cha m'mafilimu a ana. Patangotha miyezi itatu, pa 8 Sepitembala, anamwalira. Sindikunyoza, kafilimuko kanali kokoma ndipo ma drone aja anandigometsa. Ndikungoti mwambo wotere tsopano amaukonzera munthu wokhala pa sofa kunyumba, ndipo amene ali pamalopo asanduka mbali ya chithunzi. Ku Windsor Castle pa 7 Meyi 2023, pa konsati ya kulongedwa ufumu kwa Charles, anachitanso chimodzimodzi.

Apa mpamene pali nkhawa yanga yeniyeni. Wailesi ikakhala mwini phwando, ndani atiuze zimene zikuchitika kuseri kwa nsanja? Tsiku la maboti lija gulu la Republic, lofuna kuti ufumu uthe, linachita zionetsero pafupi ndi Tower Bridge, koma woonera mwambowo pa TV akanatha kuganiza kuti dziko lonse linali ndi mtima umodzi. Nkhani ina inatuluka mu nyuzipepala ya The Guardian: anthu osowa ntchito anatengedwa pa mabasi kuchokera ku Bristol, Bath ndi Plymouth kuti akathandize kuyang'anira khamu, ena osalipidwa, ndipo anawasiya kunsi kwa London Bridge usiku, kozizira, kudikira kuti kuche. Amenewo analinso gawo la chikondwererocho, koma makamera onse aja anali atayang'ana kwina.

Wina anena kuti tsiku lachisangalalo si lokambira zoipa. Ndikumva, ndipo sindikupempha kuti adule nyimbo pakati nkuyamba mtsutso wa ndale. Komatu wailesi imene inapeza nthawi yotitengera ku chipinda cha amayi oyembekezera maboti akudutsa singanene kuti inasowa mphindi imodzi yotionetsa anthu onyamula zikwangwani m'mphepete mwa mtsinje womwewo. Ife a kuno izi si zachilendo kwa ife. Pa 6 Julayi paliponse timadziwa kumene kamera imakonda kuyang'ana pabwalo la masewero, ndipo si kumene kwakhala anthu opsa ndi dzuwa kuyambira m'mawa.