Zaka zogulitsa mapampu ndi majenereta zisatayike pa kalembera wa uinjiniya

Achinyamata ambiri omaliza uinjiniya ku mayunivesite a UNZA ndi CBU akugulitsa sola, mapampu ndi majenereta muno mu Lusaka, makamaka chiyambire chilala cha 2024 pamene madzi anaphwera ku Kariba magetsi n'kumazima tsiku lonse. Nkhawa yawo ndi yakuti akadzapita kukalembetsa ku EIZ (Engineering Institution of Zambia), bungwe la mainjiniya muno mu Zambia, zaka zimenezi sizidzawerengedwa. Ine ndikuti ziyenera kuwerengedwa, koma gawo lokhalo limene munthu anawerengetsa ndi kusankha ngati injiniya. Kulemba ma quotation, kuthamangitsa ngongole ndi kukwanitsa target ndi malonda basi.

Lamulo la EIZ la 2010 limafuna kuti wogwira ntchito ya uinjiniya alembetsedwe ndipo akhale ndi laisensi, ndiye nkhaniyi si yamasewera. Ku America, malamulo a NCEES, bungwe loona za mayeso ndi malaisensi a mainjiniya, amanena mosabisa kuti ntchito yogulitsa imawerengedwa pokhapokha wopemphayo asonyeze kuti mfundo za uinjiniya zinkafunika ndipo anazigwiritsadi ntchito. Muyeso umenewu ndi wachilungamo.

Tiyerekeze kasitomala wa ku Chalala ali ndi borehole yakuya mamita 60. Wogulitsa wamba amangomva 60 n'kutsitsa pampu yaikulu pa shelefu. Injiniya amayamba wafunsa kuti pampu ikamakoka, madzi amatsika mpaka pati. Tinene mamita 35. Awonjezere 6 a sitandi ya thanki, ndi 4 otayika m'paipi ya 32 mm yotalika mamita 80 ngati mukupopa malita 2,000 pa ola. Head yonse, kutanthauza msinkhu umene pampu iyenera kukankha madzi, ndi mamita 45, ndipo pampu amaisankhira pa curve yake, chojambula choonetsa malita amene imapopa pa head iliyonse, atayang'ananso kuti borehole imatulutsa madzi ochuluka bwanji. Pampu yopitirira imaphwetsa chitsime, imazungulira popanda madzi, mota n'kupsa.

Jenereta nayonso ili ndi msampha. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, mpweya ndi wopyapyala, ndipo injini sipereka mphamvu yonse yolembedwa pa chikwangwani chake. Mota ya chigayo yolumikizidwa mwachindunji ku magetsi imakoka magetsi ochuluka pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuposa a nthawi zonse ikamayamba kuzungulira. Wogulitsa jenereta ya 20 kVA pa mota ya 15 kW wagulitsa chinthu chongozima. Kuwerengetsa kotere ndi uinjiniya weniweni, ngakhale kuchitikire pa kauntala.

Chimandipweteka n'chakuti ambiri amachita zonsezi pa foni kapena kuseri kwa risiti, pepalalo n'kutaya. Pakatha zaka, umboni palibe. Sungani fayilo ya ntchito iliyonse: tsiku, malo, miyeso imene munatenga, masamu anu, chojambula cha mawaya, chifukwa chimene munakanira makina ena. Mukapita koika makinawo, lembani ma amps, voltage ndi malita enieni, mufananitse ndi zimene munayembekezera.

Vuto lalikulu ndi wosainira. M'makampani ambiri ogulitsa, bwana wanu ndi wa zamalonda, ndipo siginecha yake siingachitire umboni masamu anu. Pezani injiniya wolembetsedwa aziona fayilo yanu miyezi itatu iliyonse n'kusaina ntchito ikadali yatsopano. Ngati miyezi ikutha osawerengetsako kanthu, pemphani kuti akutumizeni ku commissioning (koyesa ndi kuyambitsa makina oikidwa kumene) kapena ku workshop.