Amalume sakunama za mvula ya m'ma 1970

Loweruka lapitali tinachezera pa siwa ku Mufakose, kuno ku Harare, ndipo pakati pa usiku amalume anga anayambanso nyimbo yawo ija: "Mvula inali ya m'ma 1970, iyi mukuiona leroyi ndi malovu." Anyamata anaseka, ati nkhalamba iliyonse imatama kale lake. Ine ndili kumbali ya amalume, ngakhale gwero la nkhaniyi lili kutali ndi Harare, m'nyanja yamchere imene iwo sanaionepo.

Inu amene munakulira ku Mangochi kapena ku Nkhotakota mukuudziwa mwera. Ukawomba masabata angapo umakankhira madzi ofunda apamwamba kumpoto, ndipo kummwera kumatumphuka madzi ozizira apansi. Mphepo ikaleka, madziwo sabwerera tsiku lomwelo. Nyanja ya Pacific imachitanso choncho, kungoti kumeneko sawerenga masabata, amawerenga zaka. Mphepo zake zimaunjika madzi ofunda cha ku Indonesia, kwinaku ozizira akukwera kufupi ndi Peru. Cha mu 1976 ndi 1977 mphepozi zinafooka, n'kukhala choncho zaka pafupifupi 20. Madzi oyenda pansi pa nyanja nawo anachepetsa liwiro, ozizira ankakwera ochepa, pamwamba panafunda. El Niño, kufunda kwa madzi a Pacific kumene kawirikawiri kumabweretsa chilala kuno kummwera kwa Africa, anangopeza mphasa yoyalayala. Kumbukirani chilala cha 1982/83. Kumbukirani cha 1991/92, chija tinadya nsima yachikasu imene kuno ankaitcha Kenya. Pofika 1995 nyanja ya Chilwa inali gwaa.

Madzi amachedwa kutentha, amachedwanso kuzizira, aliyense wotereka mphika amadziwa. Mamita atatu okha apamwamba pa nyanja zamchere amatha kusunga kutentha kofanana ndi kwa mpweya wonse wa mumlengalenga. Ndiye mphepo ikasintha khalidwe kwa zaka zingapo, nyanja imasunga mangawa, n'kudzatibwezera ana athu atakula.

Nchifukwa chake zimandinyansa tikamakamba za mvula pa WhatsApp ngati mpira wa Dynamos ndi CAPS United, lero tawina, mawa tagonja. Chaka chimodzi ikagwa bwino tonse tathamangira chimanga, mapira ndi mawere taiwala. Kenako 2023/24 yatipeza chimanga chitapserera, Zimbabwe, Malawi ndi Zambia onse akulengeza za ngozi. Kumapeto kwa 2022 madzi a ku Kariba, damu lopangira magetsi, anatsika mpaka tinagona mumdima. Ndipo mzinda uno ukumwabe Chivero, damu la 1952. Wokonza za madzi ndi mbewu amene akuyang'ana dzinja limodzi lokha akuyeza ndi muyeso wolakwika. Kwathu nakonso nkhani ndi yomweyo: kuyambira cha mu 1915 mpaka 1935 madzi a nyanja ya Malawi anasiya kutsikira mu Shire. Zaka 20! Lero magetsi ambiri a Malawi amachokera mumtsinje womwewo.

Musandimve molakwa, sindikulonjeza kuti mvula ya amalume ibwerera gudumu likazungulira. Pamwamba pa kusinthasinthaku pali kutentha kwa dziko kobwera ndi utsi, ndipo pafupifupi magawo 90 pa 100 a kutentha kowonjezerako alowa m'nyanja momwemo.

Nditawafotokozera zonsezi, amalume anangofunsa ngati Peru ili kupitirira Beira, kenako anaitanitsa tiyi wina.