Musanamuuze kuti ndi maganizo chabe, akayezetse chithokomiro

Anzanga, munthu akamadandaula kuti mtima ukumuthamanga, manja akunjenjemera, thukuta lili kamukamu ndipo akuona ngati afa pompano, tisamathamangire kumuuza kuti "ukuganiza kwambiri" kapena kumutengera kokachotsa ziwanda. Ine maganizo anga ndi akuti ayambe wayezetsa magazi kuti aone chithokomiro.

Ambirife tikamva chithokomiro timangoganiza chotupa cha pakhosi chimene chimabwera munthu akasowa ayodini. Koma kachiwalo kameneka aliyense ali nako, kutsogolo kwa khosi, ndipo kamatulutsa mahomoni a T4 ndi T3 amene amalamula liwiro la thupi lonse. Kakhoza kusokonekera khosi osatupa n'komwe.

Mahomoniwa akachuluka, monga zimakhalira pa matenda a Graves, thupi limakhala ngati minibasi yoduka mabuleki. Munthu amadya kwambiri koma akuwondabe, tulo osabwera, kupsa mtima pa zazing'ono, kumva kutentha ena atavala majuzi mu June. Mantha ake amafanana kwambiri ndi a matenda a mantha aakulu otchedwa panic disorder. Chosiyanitsa chimodzi n'chakuti mantha a panic amabwera mwadzidzidzi, amakula m'mphindi zochepa kenako n'kutsika, pomwe wa chithokomiro mtima umagundabe mofulumira ngakhale atangokhala phee pamkeka.

Mahomoni akachepa zimatembenuka. Kutopa kosatha, kuzizidwa, kunenepa, kudzimbidwa, khungu louma, kuiwalaiwala, osasangalala ndi chilichonse. Apa ndi pomwe amayi ambiri amatchedwa aulesi. Matendawa amagwira akazi kuposa amuna, ndipo ena amawayamba m'chaka choyamba atabereka, nthawi yomwe aliyense amangoti "ndi kutopa ndi mwana". Mayi wotereyu akhoza kupatsidwa mankhwala a depression (matenda a kukhumudwa) miyezi n'miyezi osaona kusintha kwenikweni, gwero lake lili pakhosi.

Komano tisapitirire malire. Si mantha onse kapena kukhumudwa konse komwe kumachokera ku chithokomiro, ndipo ambiri odwala panic kapena depression chithokomiro chawo chili bwinobwino. Zotsatira zikatuluka zabwino, musamuuze munthu kuti "waona, sukudwala". Akudwala ndithu, ndipo akufunika uphungu kapena mankhwala ake. Zomwe zimandinyansa ine ndi anthu a pa Facebook ogulitsa zitsamba "zotsuka chithokomiro" kwa munthu amene sanayezedwe n'komwe.

Kuyeza kwake kumatchedwa TSH, ndipo nthawi zina amawonjezera T4. Ngati kuchipatala chapafupi sayeza, pemphani kalata yopita kuchipatala chachikulu. Mahomoni akachuluka madokotala amapereka carbimazole, kaya ndi propranolol wokhazika mtima pansi, koma wa asima anene msanga chifukwa propranolol samuyenera. Akachepa amapereka levothyroxine, womwa m'mawa musanadye kanthu, ndipo pamatenga milungu ingapo kuti munthu ayambe kumva kusintha. Amene akumwa lithium, mankhwala a matenda ena a maganizo, naye azikumbutsa adokotala kuti amuyeze, chifukwa mankhwalawo amatha kufooketsa chithokomiro.