Nyamakazi si imodzi, tisathamangire kugula mabotolo

Azakhali anga akhala akudandaula zala kwa zaka zitatu. M'mawa amalephera ngakhale kumanga chitenje, zalazo zimayamba kumasuka dzuwa litakwera kale. Mwezi wathawu mwana wawo wa ku Manchester anawatumizira mabotolo asanu ndi limodzi, pamodzi ndi pepala la zakudya zoletsedwa: tomato, mabilinganya, mbatatesi, buledi, mkaka. Akuti ndi functional medicine, njira yochiza muzu wa matenda. Ndinawapeza akudya nsima ndi nkhwani yongowiritsa ndi mchere, nkhope ili khwinya.

"Mwanangu, iwe unapita kusukulu. Kodi ndi tomato amene wandipinda zalazi?"

"Ayi azakhali, tomatoyo alibe mlandu."

Functional medicine inayambira ku America. Jeffrey Bland, katswiri wa sayansi ya zakudya, anayambitsa Institute for Functional Medicine mu 1991, ndipo mu 2014 chipatala chotchuka cha Cleveland Clinic chinatsegula nthambi yake motsogozedwa ndi Dr Mark Hyman. Mfundo yawo ndi yakuti dokotala asamangozimitsa ululu, azifunsa zomwe munthu amadya, mmene amagonera, nkhawa zake ndi ntchito yake. Apa ine sinditsutsa. Aliyense amene anaimapo pamzere kuyambira mbandakucha, n'kuonedwa mphindi zitatu, n'kubwerako ndi Brufen m'kapepala, akudziwa chifukwa chake anthu amakopeka ndi munthu wokhala nawo pansi ola lathunthu n'kumawamvetsera.

Vuto langa lili pa mawu akuti muzu. Ife timati nyamakazi pa chilichonse chopweteka molumikizana mafupa, pomwe matendawa ndi ambiri ndipo mizu yake ndi yosiyana.

Yofala kwambiri ndi osteoarthritis. Kanyama koterera kamene kamakuta nsonga za mafupa kamaperepeseka, makamaka m'mawondo ndi m'chiuno. Bungwe la WHO linati mu 2019 anthu pafupifupi 528 miliyoni anali nayo padziko lonse. Pa nyamakazi imeneyi a functional medicine amanena zoona, ngakhale kuti nzeruzo si zawo okha. Kafukufuku wa Stephen Messier wa mu 2005 anapeza kuti munthu wonenepa akatsitsa kilogalamu imodzi, katundu wogwera pabondo amachepa ndi makilogalamu pafupifupi anayi pa sitepe iliyonse. Kulimbitsa minofu ya ntchafu, kuyenda tsiku lililonse, kupalasa njinga, zonsezi zimathandiza ndipo sizilira botolo. Kungokhala pakhonde poopa kuti bondo litha ndiko kumaliumitsa.

Ina ndi gout, ija imadzutsa abambo pakati pa usiku, chala chachikulu chakuphazi chitatupa mwakuti ngakhale bulangete lisachikhudze. Imeneyi imabwera uric acid, chinthu chimene thupi limataya mumkodzo, akachuluka m'magazi n'kuundana ngati timasingano. Apa zakudya zili ndi mbali ndithu: mowa, zam'kati monga chiwindi ndi impso, zakumwa za shuga wambiri. Komabe kwa munthu amene imamubwerera kawirikawiri, kusiya kanyenya pakokha sikukwanira, pamafunika mankhwala ngati allopurinol.

Koma ya azakhali ndinaikayikira kuti ndi yachitatu, rheumatoid arthritis. Zala zotupa manja onse awiri mofanana, kuuma kwa m'mawa kopitirira ola, kutopa kosatha. Pa imeneyi chitetezo cha m'thupi chimatembenukira mwini wake n'kuyamba kudya molumikizana mafupa. Imagwira amayi kwambiri kuposa abambo, ndipo kusuta fodya kumaikolezera. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti fupa likadyeka silibwereranso. Mankhwala ngati methotrexate, amene amamwedwa kamodzi pa sabata, dokotala akumayeza magazi nthawi ndi nthawi, amatha kuimitsa kuwonongekako ngati ayambidwa msanga. Ndiye mwezi uliwonse umene munthu akusala tomato podikira kuti muzu uzuke, zala zikunka zipindika.

Za mabotolowo ndinene pang'ono. Awiri anali glucosamine ndi chondroitin. Mu 2006 kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa GAIT, wa odwala mawondo oposa 1,500, anapeza kuti kwa odwala onse pamodzi mankhwalawa sanachepetse ululu kuposa mapiritsi opanda kanthu. Lina linali turmeric wothinidwa mwamphamvu. Wothira mundiwo alibe vuto, koma wa makapisozi waonongapo anthu ena chiwindi. Mafuta a nsomba ali ndi umboni woti amachepetsako pang'ono ululu ndi kuuma kwa rheumatoid arthritis, ngati chowonjezera chabe.

Ndipo tisaiwale zogulitsidwa m'magulu a WhatsApp zija, zolembedwa kuti zachilengedwe zokhazokha. Mu 2022 bungwe la FDA, loona za mankhwala ndi zakudya ku America, linachenjeza anthu za mankhwala a nyamakazi otchedwa Artri King, atapeza kuti munali diclofenac ndi dexamethasone zomwe sizinalembedwe pabotolo. Munthu amva bwino m'masiku awiri, achitira umboni pagulu, osadziwa kuti akumwa mankhwala oononga m'mimba, impso ndi mafupa omwewo. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Indocid ndi Brufen wogula pa okala n'kumamwa m'mawa uliwonse kwa chaka nayenso amabala zilonda zam'mimba, sindikumuchotsa pamlandu.

Msuweni wangayo sindikumunena. Ali kutali, amamva mayi ake akubuula pafoni, ndiye botolo ndi chimene dzanja lake lingafikire. Koma ndalama anaonongera mabotolo asanu ndi limodzi zikanakwanira basi, kuyezetsa magazi ndi kujambulitsa manja, n'kutsalako ya mafuta ophikira. Ndinamuuza zimenezi, anakhala kaye chete, kenaka anati, "Chabwino achimwene, apite nawoni."

Tinapita. Dokotala anagwira zala chimodzichimodzi, anafunsa za m'mawa muja, anatumiza magazi. Zotsatira zinatsimikiza zomwe ndinkaopa. Zala ziwiri zakumanja zinapindika kale ndipo sizidzawongoka, koma zinazo akuti tingazipulumutse. Azakhali ayamba mankhwala awo a Lachitatu lililonse. Pa nzeru za pepala lija tasungako kuyenda madzulo, kugona nthawi yabwino, mgaiwa, nyemba, bonongwe ndi chisoso, zomwe ankadya kale pepalalo lisanabwere.

Dzulo ndawapeza akukazinga tomato. Mabotolo aja awandanditsa pawindo, akuti makapisozi akawataya asungiramo mbewu za mpiru.