Musanajoinitse munthu, muuzeni zoona zake zonse

Ndakhala ndikuchita network marketing, bizinesi yogulitsa katundu wa kampani n'kumalowetsanso ena kuti azigulitsa pansi pako, kwa zaka zingapo tsopano, ndipo lero ndikufuna ndilankhule ndi inu anzanga amene timakopa anthu kuti alowe pansi pathu. Nkhaniyi imandiwawa, chifukwa zambiri zimene nditchule pano ndinazichitapo ine ndemwe.

Nditangojoina kumene, upline wanga, munthu amene anandilowetsa, anandiuza kuti ndilembe mayina a anthu onse amene ndimawadziwa, kuyambira achibale. Dzina la azakhali anga linali lachitatu papepalapo. Ndinapita kwawo foni ili m'manja, n'kumawaonetsa zithunzi za anthu ataima pambali pa magalimoto atsopano, ndi mameseji a ndalama zolowa mu akaunti za anthu amene sindinawaonepo ndi maso anga. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa funso limodzi lokha: "Nanga iweyo mwanawe, wapezapo zingati?" Ndinali ndisanapeze kalikonse, koma ndinayankha kuti, "Zikuyenda azakhali, musade nkhawa." Anakatenga ngongole n'kugula phukusi lalikulu loyambira, poti ndinawauza kuti ndi limene lili ndi mapointi ambiri. Patatha miyezi isanu ndi itatu ndinakawaona. Makatoni anali kunsi kwa bedi, fumbi lili mbuu, ena osatsegula n'komwe, tsiku lothera ntchito litayandikira. Sanandikalipire. Anangowakoka mmodzimmodzi n'kuwaika pakati pa chipinda, n'kunena chapansipansi kuti, "Ine ndimayesa ukudziwa zimene ukunena." Mawu amenewo sanandichokebe m'khutu.

Tsiku limene ndinawalowetsa lija ndinawalakwira patatu. Ndinanama za ndalama, ndinawakankhira ku ngongole, ndiponso ndinalowetsa munthu amene sanagulitsepo chinthu chiyambire ndipo analibe mtima wogulitsa. Chimene ndinkaona ine ndi bonasi yanga ya mwezi umenewo basi.

Bodza la ndalama ndi limene lawononga dzina la bizinesi imeneyi kuposa china chilichonse. Timatenga munthu mmodzi wa pamwamba penipeni n'kumamuonetsa ngati aliyense amafika pamenepo. Timatchula ndalama zolowa, osatchula zotuluka: katundu wogula mwezi ndi mwezi kuti ukhale pa mndandanda wolandira bonasi, mayendedwe, ma bandulo a intaneti, matikiti a misonkhano. Izi si nkhani zazing'ono ayi. Mu 2016, bungwe la boma la America loteteza ogula, Federal Trade Commission, linasumira kampani ya Herbalife ponena kuti inkasocheretsa anthu pa za ndalama zimene angapeze, komanso kuti malipiro ake ankadalira kwambiri kulowetsa anthu m'malo mogulitsa katundu. Kampaniyo inavomera kulipira madola 200 miliyoni ndi kusintha kalipiridwe kake kuti kazitsatira malonda enieni kwa ogula enieni. Ngati kampani yanu ili ndi chikalata choonetsa zimene mamembala ake amapeza pachaka, muonetseni munthuyo chikalatacho, ayambire mzere wa pansi. Ndipo akakufunsani kuti inuyo mwapeza zingati, tchulani nambala yeniyeni, ngakhale ikhale yochititsa manyazi.

China chimene ndimadana nacho ndi kubisa. Mnzako wa kusukulu amene simunalankhulane zaka khumi, mwadzidzidzi akulembera pa Facebook: "Moni wokondedwa, wasowatu! Ana ali bwanji?" Iwe mtima n'kusangalala kuti wakukumbuka. Meseji yachitatu: "Pali mwayi wina wake, ubwere kumsonkhano Loweruka, zambiri ukamva komweko." Dzina la kampani osatchula, katundu osatchula. Munthu akafika n'kupeza kuti moni uja unali nyambo, woitana uja wataya zinthu ziwiri nthawi imodzi, kasitomala ndi mnzako. Nenani poyera kuti ndimagulitsa zakutizakuti za kampani yakuti, ndipo ukalowa kudzera mwa ine ndimapezapo komishoni. Wofuna abwera akudziwa kumene akupita. N'chimodzimodzi kuponya anthu mu gulu la WhatsApp osawapempha. Kumeneko n'kulowa m'nyumba ya mwini osaodira.

Tsono pali nkhani ya masamu, imene ambiri sitifuna kuimva. Pabolodi timajambula kuti iwe upeze anthu 6, aliyense wa iwo apezenso 6, n'kumapita choncho. Tawerengani nokha: mzere wachiwiri 36, wachitatu 216, ndipo pofika mzere wa 13 pakufunika anthu opitirira 13 biliyoni, pamene dziko lonse lapansi lili ndi anthu ongopitirira 8 biliyoni. Ndiye ngati timu yanu ikudya ndalama za olowa kumene zokha, kwinakwake pansi pali munthu amene alire, ndipo nthawi zambiri amakhala uja amene anakukhulupirirani kwambiri. Mu 1979 bungwe lomwe lija la ku America linagamula kuti kampani ya Amway si piramidi, kutanthauza bizinesi yodalira ndalama za olowa kumene, ndipo zina mwa zimene zinaipulumutsa ndi malamulo ake atatu: wofuna bonasi azigulitsa kwa makasitomala osachepera 10 pamwezi, azigulitsa 70 peresenti ya katundu amene wagula, ndiponso katundu wotsala wa munthu amene akusiya azigulidwanso. Kwa ine malamulo amenewa ndi muyeso wabwino ngakhale lero. Musanamulowetse munthu dzifunseni: kodi katunduyu angamugule munthu amene sakufuna kujoina, pa mtengo womwewu? Kodi amene ndikumukopayu ali ndi anthu khumi oti angawagulitse? Yankho likakhala ayi, musiyeni akhale kasitomala, palibe cholakwika.

Za kukakamiza sindichulutsa. "Malo atsala awiri okha." "Ukapanda kulipira lero wataya mwayi." Zonama zokhazokha. Munthu wati akaganize kaye kapena akakambirane ndi amuna ake, akazi ake, mulekeni apite. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wakana, wakana. Musamunene kuti ali ndi maganizo aumphawi, musanyoze ntchito yake kuti ndi ukapolo, pakuti ntchito imeneyo ndi imene ikudyetsa ana ake.

Apa pokha ndikweze mawu. Inu amene mumagulitsa zakumwa ndi mapiritsi owonjezera thanzi, lekani kuuza anthu kuti zimachiza shuga, kuthamanga kwa magazi kapena khansa pofuna kuti ajoine. Simuli dokotala. Wodwala akasiya mankhwala a kuchipatala chifukwa cha mawu anu, palibe bonasi imene ingabweze moyo wake.

Ndiye palinso kumusiya munthu akangolipira. Asanalowe mumamuimbira katatu patsiku, atalowa foni yanu n'kukhala yosapezeka. Iye sadziwa kufotokoza katunduyo, sadziwa kuwerengera phindu, sadziwa choyankha kasitomala akadandaula. Mwezi wachitatu wagwa ulesi, inu n'kumati ndi waulesi. Ine ndimaona kuti ngati mulibe nthawi yoyenda naye kwa makasitomala ake oyamba, simunakonzeke kumulowetsa. Anthu atatu ophunzitsidwa bwino amene akugulitsadi amaposa mayina makumi atatu ongodzaza pa kompyuta.

Masiku ano munthu akabwera kuti akufuna kujoina, sindithamangira fomu. Ndimamupatsa katundu wochepa wa ine mwini kuti akayese kugulitsa kwa mwezi umodzi, ndipo timakhala pansi ndi cholembera kuwerengera zolowa ndi zotuluka. Mayi wina posachedwapa anabwerako atagulitsa zinayi zokha, n'kundiuza kuti, "Pepani, izi si zanga." Ndinamuthokoza, ndipo mpaka pano amagula kwa ine mwezi uliwonse.

Makatoni a azakhali aja ndinawagula ndekha pang'onopang'ono, zinanditengera chaka chathunthu kuti ngongole yawo ithe. Timachezerana, timaseka, koma ndikangotulutsa foni kuti ndiwaonetse chinthu, ndimaona nkhope yawo ikusintha.